Mmene mungagwiritsire ntchito ulendo wa ng'oma pothandiza munthu wosweka mtima

Kwa anthu a ku Siberia ndi ku Mongolia, sing'anga wa mizimu wotchedwa shaman amaimba ng'oma mpaka mzimu wake upite kudziko la mizimu kukafufuza chimene chikudwalitsa munthu. Michael Harner wa ku America, m'buku lake la 1980, The Way of the Shaman, anaphunzitsa njira yoti munthu wamba ayende yekha ulendo wotere. Pa ntchito yanga ya uphungu ndimaigwiritsa ntchito kwa oferedwa, makamaka amene mawu anawathera.

Musanakhudze ng'oma, funsani mbiri ya umoyo wake. Amene amamva mawu a anthu osaoneka, anadwalapo misala, kapena amagwa khunyu, musamuyendetse ulendowu. Akaonane ndi dokotala. Apa sindinyengerera munthu.

Kenako mugwirizane funso limodzi lokha, lalifupi, monga lakuti "Chikundiletsa kulira n'chiyani?" Agone chagada, aphimbe maso ndi nsalu, aganize za phanga, dzenje kapena mizu ya mtengo umene amaudziwa, n'kulowa mmenemo m'maganizo. Inu imbani ng'oma mosasinthasintha, kugunda pafupifupi kanayi pa sekondi, kwa mphindi 10 mpaka 15. Muuzirenitu chizindikiro chobwerera: mudzaleka, mudzagunda mwamphamvu kangapo, kenako mothamanga, ndipo iye abwerere njira yomwe anadzera. Akayamba kubanika kapena kunjenjemera, musadikire nthawi ithe. Muitaneni ndi dzina lake, atsegule maso, aponde pansi.

Povuta ndi pamene wabwerera. Mpatseni madzi, alembe zimene waona, ndipo inu mugwire pakamwa. Akati anakumana ndi kadzidzi, musathamangire kumuuza tanthauzo lake, ngakhale lilime likuyabwa. Funsani kuti, "Munamva bwanji mutamuona? Akukukumbutsani ndani?" Ndaona alangizi abwino akuwononga ntchito yonse pomasulira masomphenya a mwini wake, munthu n'kutuluka atasenza maganizo a mlangizi m'malo mwa ake. Kaya iye akuti ndi mizimu kaya ndi maganizo chabe, musatsutsane naye.

Zakumwa zosokoneza bongo zisalowepo. Ayahuasca, chakumwa cha zitsamba cha ku nkhalango ya Amazon ku South America, ikakumana ndi mankhwala a matenda ovutika maganizo monga fluoxetine ikhoza kuika moyo pachiswe. Ndipo musauze munthu kuti asiye mankhwala akuchipatala chifukwa choti wayamba kuyenda maulendo a ng'oma.