Momwe mungakwerere tram ya ku Dubai ngati mwachokera ku Harare

Abale athu ambiri a ku Mbare, Highfield, Mufakose ndi Epworth masiku ano amapita ku Dubai, ena kukaoda katundu, ena kukagwira ntchito m'mahotela ndi m'malo odyera, ndipo ndege ya Emirates imene imanyamuka pabwalo la Robert Gabriel Mugabe n'kudzera ku Lusaka yachititsa kuti ulendowu usakhalenso wachilendo. Akafika kumeneko amazolowera msanga sitima ya Metro, koma tram, yomwe ndi sitima yamagetsi yoyenda panjanji zoyalidwa mumsewu, imasokoneza ambiri chifukwa kuno ku Harare kulibe. Ife tinazolowera kombi ya pa Copacabana kapena pa Market Square, momwe hwindi, yemwe ndi kondakitala, amakutambasulirani yekha dzanja kuti mulipire. Pa tram palibe munthu kapena geti lokuimitsani musanakwere, choncho udindo wonse wolipira uli m'manja mwanu, ndipo apa ndi pamene alendo ambiri amatayira ndalama zawo pachindapusa.

Yambani mwadziwa kumene tram imafika

Tram ya ku Dubai inatsegulidwa mu November 2014 pansi pa bungwe la boma loona zamisewu ndi zamtengatenga la RTA, patapita zaka zisanu Metro itayamba kuyenda mu 2009. Ntchito yoimanga inachedwa chifukwa cha mavuto azachuma amene anagwedeza Dubai cha m'ma 2009. Njanji yake ndi yaifupi, makilomita pafupifupi 11 okha, ndipo ili ndi masiteshoni 11 kuyambira ku Jumeirah Beach Residence, komwe anthu amangoti JBR, kuzungulira Dubai Marina, kudutsa Media City, Palm Jumeirah ndi Knowledge Village mpaka ku Al Sufouh. Zimenezi zikutanthauza kuti amene akupita kukaoda zovala ndi mafoni ku Deira alibe chifukwa choikwerera, popeza Deira ili mbali ina ya mzinda ndipo kumeneko kumafika Metro ndi mabasi. Tram imathandiza amene malo awo ogona, ntchito kapena sukulu zili kuchigawo cha Marina.

Gulani khadi la Nol musanatuluke pabwalo la ndege

Ndege za Emirates zimatera ku Terminal 3, ndipo siteshoni ya Metro ili pomwepo. Pawindo logulitsira matikiti kapena pamakina mupeza khadi lotchedwa Nol, lomwe limagwira ntchito pa Metro, pa tram ndi m'mabasi onse a RTA. Ndalama zapamanja sizilandiridwa m'sitima. Kwa munthu amene akhale masiku angapo, ine ndimalimbikitsa khadi la Silver, lomwe limagulidwa madirham 25 (dirham ndi ndalama ya ku Dubai) koma madirham 19 mwa amenewo amakhala kale m'khadimo kuti muyendere. Pali tikiti yofiira yapepala yomwe imaoneka yotchipa poigula, koma ulendo uliwonse umakwera mtengo pang'ono ndipo imakukakamizani kubwerera pamakina pafupipafupi. Ndi khadi la Gold mumalipira mtengo wowirikiza kawiri paulendo uliwonse chifukwa limakulolezani kukhala m'bogi yapamwamba.

Mzinda wa Dubai unagawidwa m'zigawo zolipirira, ndipo tram yonse ili m'chigawo chimodzi, moti ulendo wa pa tram pokha ndi madirham 3 pakhadi la Silver, kaya mwatsika pa siteshoni yotsatira kaya mwafika kumapeto. Onetsetsani kuti m'khadi simukutsala ndalama zochepera madirham 7.50, chifukwa makina amakana khadi lotere ngakhale ulendo wanu utakhala waufupi. Munthu aliyense akhale ndi khadi lake. Banja silingagwiritse ntchito khadi limodzi paulendo umodzi.

Kuchoka pa Metro kupita pa tram

Kwerani Metro ya mzere wofiira yolowera kumwera chakumadzulo, osati yopita ku Centrepoint, ndipo mukatsike pa Sobha Realty kapena pa DMCC. Mayina a masiteshoni a Metro amasintha kawirikawiri malinga ndi kampani imene yagula ufulu wa dzinalo, choncho mnzanu amene anapitako kale akakuuzani za siteshoni ya DAMAC, dziwani kuti akunena Sobha Realty yomweyo. Pamasiteshoni awiriwa pali milatho yotsekedwa bwino, yokhala ndi makina oziziritsa mpweya, imene imakufikitsani pa tram popanda kutsikira mumsewu. Mukatuluka pageti la Metro n'kukwera tram pasanathe mphindi 30, makina amawerengera zonsezi ngati ulendo umodzi.

Gunditsani khadi polowa, gunditsaninso potuluka

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Mukalowa m'siteshoni ya tram muona timakina tating'ono taima pafupi ndi khomo kapena papulatifomu. Ikani khadi lanu pamalo osonyezedwa, dikirani mpaka kamakinako kalire ndi kusonyeza kuti kalandira, kenako mupite kukadikira sitima. Musathamangire sitima imene yaima musanachite zimenezi, chifukwa m'kati mwa tram mulibe pogunditsira khadi, ndipo ina ibwera pakangopita mphindi zochepa. Oyendera matikiti amakwera pa siteshoni iliyonse imene afuna ali ndi makina owerengera makhadi, ndipo akapeza kuti lanu silinagunditsidwe, chindapusa chake ndi madirham 200, ngakhale m'khadimo muli ndalama zambiri ndiponso ngakhale mutafotokoza kuti ndinu mlendo.

Mukatsika, funafunaninso kamakina kotero musanatuluke m'siteshoni. Anthu ambiri amaiwala gawo limeneli chifukwa maso amakhala ali kale kunja, koma mukapanda kutero makina sadziwa pamene mwatsikira ndipo amakudulani mtengo waukulu kwambiri wa ulendo. Amene anagwiritsapo ntchito khadi la mabasi a ZUPCO achenjere kwambiri pamenepa, popeza kuno tinkagunditsa pokwera pokha.

Sankhani bogi yoyenera

Sitima iliyonse ndi yotalika mamita 44 ndipo ili ndi zigawo zisanu ndi ziwiri zolumikizana. Masiteshoni ake ndi otsekedwa ndi magalasi chifukwa cha kutentha kwa dzikolo, ndipo zitseko za papulatifomu zimatseguka pokhapokha sitima itaima molunjika nazo. Musanalowe yang'anani zolembedwa pansi ndi pazitseko. Pali chigawo cha Gold cha okhawo amene ali ndi khadi la mtunduwo, palinso chigawo cha amayi ndi ana chomwe abambo saloledwa kuimamo, ngakhale atakhala paulendo ndi akazi awo. Mayi ali ndi ufulu wokwera m'chigawo cha anthu onse, choncho banja lofuna kukhala limodzi lilowe mmenemo. Kulakwitsa bogi, kudya, kumwa ngakhalenso kutafuna chingamu m'sitima, chilichonse mwa izi chimalipiritsa madirham 100.

Dziwani momwe sitimayi imazungulirira ku Marina

Kuyambira pa Marina Towers mpaka ku Al Sufouh masitima amayenda mbali zonse ziwiri, koma pozungulira Marina amatsata mbali imodzi yokha, kuchoka pa JBR 1 kupita pa JBR 2, Jumeirah Lakes Towers, Dubai Marina Mall ndi Dubai Marina. Motero munthu amene wachoka pa Metro n'kukwerera tram pa Jumeirah Lakes Towers kapena pa Dubai Marina ndipo akufuna kupita kugombe la JBR sangabwerere m'mbuyo ndi sitima. Ayenera kupitirira mpaka pa Marina Towers, ndipo ngati sitima yake ikulowera ku Al Sufouh atsike pamenepo n'kudikira yopita ku JBR. Zikwangwani zowala za m'siteshoni zimalemba m'Chiarabu ndi m'Chingelezi kumene sitima ikupita ndi mphindi zimene zatsala kuti ifike. Tram imayenda kuyambira m'mawa mpaka kupitirira pakati pausiku, koma Lamlungu imayamba mochedwerapo, zomwe amene amalowa ntchito m'mamawa tsiku limeneli ayenera kuzikonzekera.

Samalani powoloka njanji

Mukayang'ana m'mwamba simuona mawaya amagetsi ngati amene amakhala pa ma tram a m'mizinda yambiri. Kampani ya ku France ya Alstom, imene inapanga masitimawa, inaika njanji yachitatu pakati pa ziwiri zija, ndipo magetsi amachokera pamenepo. Njanji imeneyi inadulidwa m'zigawo zifupizifupi, ndipo chigawo chilichonse chimalandira magetsi pokhapokha sitima ili pamwamba pake, kenako chimazima sitimayo ikangodutsa. Njira imeneyi inayambira mumzinda wa Bordeaux mu 2003, ndipo ndi yomwe imalola kuti anthu ndi magalimoto azidutsa panjanjipo popanda kugwidwa ndi magetsi.

Choopsa chenicheni ndi sitima yeniyeniyo. Tram siipanga phokoso lalikulu, singakhote kuti ikupeweni, ndipo chifukwa cha kulemera kwake siima nthawi yomweyo woyendetsa akagwira mabuleki. Kuwonjezera apo, ku Dubai magalimoto amayenda kudzanja lamanja pamene ku Zimbabwe timayenda kumanzere, moti mutu umatembenukira mbali yolakwika mwachizolowezi. Wolokerani pamalo okhawo olembedwa, dikirani getsi lobiriwira, ndipo yang'anani mbali zonse ziwiri ngakhale msewu ukuoneka wopanda kanthu. Kudutsa njanji pamalo osaloledwa kumalipiritsa madirham 1,000. Amene mukagwire ntchito yoyendetsa galimoto kapena njinga yamoto yoperekera zakudya m'dera la Marina mudziwenso kuti pamphambano iliyonse tram ndiyo imayamba kudutsa, ndipo kudumpha getsi lofiira pamalo otere kuli ndi chindapusa cha madirham masauzande angapo, komanso laisensi yanu ikhoza kulandidwa ngati mwachititsa ngozi.