Kaunikidwe ka Magazini ya Mbiri ya Nthawi ya Atsamunda: Zomwe Imafalitsa ndi Momwe Imatchulidwira

Musanayambe kuwerengetsera chilichonse, sankhani magazini imodzi ndi zaka zomwe mukufuna kuunika. Journal of African History, yomwe inayamba kutuluka mu 1960 akonzi ake ali Roland Oliver ndi John Fage, ndi yabwino kuyambirapo chifukwa makope ake akale amapezeka pa JSTOR, nkhokwe ya pa intaneti yosunga magazini a akatswiri.

Lembani nkhani iliyonse mu tebulo pa kompyuta, kusonyeza chaka, mlembi, yunivesite yomwe ankagwirako ntchito, komanso dera ndi nyengo yomwe nkhaniyo ikukamba. Ndemanga za mabuku muziike padera, popeza m'magazini a mbiri zimachuluka kuposa nkhani za kafukufuku, ndipo mukazisakaniza chiwerengero chonse chimasokonekera.

Kenako fufuzani kuti nkhani iliyonse yatchulidwa kangati m'zolemba za akatswiri ena. Scopus ndi Google Scholar, nkhokwe za pa intaneti zowerengera zimenezi, zomwe zinayamba mu 2004, zikupatsani manambala osiyana, ndipo Web of Science, nkhokwe ina yotere, idzasiyananso nazo. Zimenezi zisakudabwitseni, chifukwa akatswiri a mbiri amalemba kwambiri mabuku, pomwe Scopus ndi Web of Science zimatsatira makamaka magazini. Google Scholar imakoka zambiri, koma nthawi zina imawerenga nkhani imodzi kawiri, choncho muzitsimikizira nokha.

Chachikulu ndi chakuti musadalire impact factor (muyezo wosonyeza kuti nkhani za magazini zimatchulidwa kangati), yomwe imayang'ana nkhani za zaka 2 zapitazo basi. Muyezo umenewu umayenerana ndi maphunziro omwe zotsatira zake zimakalamba msanga, koma nkhani ya mbiri imatenga nthawi kuti ifalikire, ndipo ikafalikira imakhalitsa. Nkhani ya John Gallagher ndi Ronald Robinson yotchedwa "The Imperialism of Free Trade" inatuluka mu Economic History Review mu 1953, koma ikutchulidwabe mpaka lero. N'chifukwa chake ndi bwino kugawa kafukufuku wanu m'magulu a zaka 10, n'kuyerekeza nkhani zomwe zinatuluka nyengo imodzi.

Mawu am'munsi mwa tsamba, osonyeza komwe mlembi anatenga mfundo zake, muwawerenge ndi maso anu, ngakhale ntchitoyi ndi yotopetsa. M'menemo ndi momwe mungaone ngati alembi ankadalira mafayilo a Colonial Office (ofesi ya boma la Britain yomwe inkayang'anira maiko olamulidwa ndi atsamunda) omwe amasungidwa ku Kew mu London, kapena umboni wapakamwa wa anthu omwe ankalamulidwa. Mukaona mutu wina wachuluka mwadzidzidzi m'chaka chimodzi, yambani mwafufuza ngati linali kope lapadera kapena ngati akonzi anasintha, musanagamule kuti maganizo a akatswiri asintha.