Kompyuta igone yoyaka kapena tiithimitse usiku?

Amene ali ndi makompyuta m'masukulu, m'maofesi a makopaletivi ndi m'mashopu osindikiza zikalata pa Dedza boma, ku Lobi kapena ku Linthipe amafunsa funsoli kawirikawiri. Ena anamva kuti kuyatsa ndi kuthimitsa tsiku ndi tsiku kumatopetsa makina. Makompyuta amakono sawonongeka ndi zimenezo. Kuno kwathu chimene chimapha makina ndi magetsi, choncho mukamaweruka ithimitseni, n'kuzula pulagi pakhoma.

Magetsi a ESCOM amayenera kufika m'nyumba ali pa 230V, koma akathima usiku n'kuyakanso, nthawi zina amabwera ndi mphamvu yopitirira muyezo kwa kanthawi kochepa. Choyamba kupsa chimakhala power supply, kabokosi kokhala ndi fani kumbuyo kwa kompyuta komwe nthambo ya magetsi imalowera. Zikavuta, motherboard, bolodi lalikulu lomwe zipangizo zonse za m'kati mwa kompyuta zimalumikizidwapo, nayo imapsera limodzi. Kuthima kwadzidzidzi kulinso ndi vuto lake. Hard disk, komwe kompyuta imasungako mafayilo, ikakhala yamtundu wakale imazungulira maulendo 5,400 kapena 7,200 pa mphindi imodzi, ndipo ikadukizidwa ili mkati molemba, fayilo imawonongeka. M'mawa mupeza Windows ikukana kutseguka, makasitomala ali pamzere ndi mapepala awo m'manja.

M'nyengo ya mvula, kuyambira Novembala mpaka Epulo, kuthimitsa pa switch yokha sikukwanira. Mphenzi ikagunda mawaya, mphamvu yake imalumpha kampata kakang'ono ka mu switch ngati kuti palibepo. Zulani pulagi, muzulenso nthambo yochokera ku rauta ndi ya pulinta ngati pulintayo ikadali pa soketi. Surge protector, kachipangizo kolumikiza pakati pa soketi ndi kompyuta, imateteza ku kukwera kwa magetsi kwapang'ono, koma mphenzi siiletsa.

Mayunitsi nawo muwawerengere. Kompyuta yapatebulo yodya mawati 60 ikayaka maola 12 usiku imamaliza 0.72 ya yunitsi, ndiye kuti mayunitsi pafupifupi 22 pa mwezi popanda ntchito imene yagwirika. Pa sola, mphamvu imeneyo ikuchoka mu batire, ndipo batire lophwetsedwa usiku ulionse silikhalitsa.

Pothimitsa, sungani kaye ntchito yanu, tsekani mapulogalamu onse, kenako dinani Start, Power, Shut down. Dikirani mpaka fani itakhala chete ndi kanyali katathima, ndiye muzule pulagi. Kukanikiza batani mpaka makina athime n'chimodzimodzi ndi kuthima kwa magetsi. Chitani zimenezo pokhapokha kompyuta ikauma osayankha chilichonse. Ikazizira, ifunditseni chitenje kuti fumbi la mu Okutobala lisalowe m'mafani. Yoyaka musaifunditse, imatentha kwambiri.

Ambiri amasokoneza Sleep ndi Hibernate. Sleep imasunga ntchito mu RAM, mosungira zinthu kwa kanthawi kompyuta ikamagwira ntchito, ndipo RAM imafuna magetsi nthawi zonse, kotero pa kompyuta yapatebulo magetsi akathima ntchito yosasungidwa ikhoza kutayika. Njira imeneyi ndi yabwino popita kukadya nkhomaliro, kapena pa laputopu ya batire lamphamvu. Hibernate imalemba zonse pa disk n'kuthimiratu, moti mutha kuzula pulagi osataya kanthu. Kamodzi pa sabata dinani Restart. Pa Windows 10 ndi 11, Fast Startup, njira yothandiza kompyuta kuyaka msanga, ikakhala yoyatsa, Shut down siyambitsa zonse mwatsopano, ndipo timavuto ta dzulo timadzuka nato.

Ilipo nthawi yoyenera kuisiya yoyaka: pamene ikulowetsa ma update, amene Microsoft imatulutsa Lachiwiri lachiwiri la mwezi ulionse, kapena ikukopera mafayilo ambiri. Pamenepo ikhale pa UPS, bokosi la batire lopatsa kompyuta mphamvu magetsi akathima, ndipo kunja kusakhale mabingu. Dziwani kuti UPS yaing'ono ya 650VA imangogwira mphindi zowerengeka, zokwanira kusunga ntchito ndi kuthimitsa bwino. Siingafikitse kompyuta m'mawa.

Magetsi akangobwera musathamangire kuyatsa. Dikirani mphindi zisanu kuti akhazikike. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, pamene chifunga chimakuta phiri la Dedza, laputopu imene yachoka pozizira kulowa m'chipinda chofunda iyambe yakhala theka la ola, chifukwa chinyezi chimatha kuundana m'kati mwake. Ndipo mukaona kuti kompyuta yogona yozulidwa ikudzuka ndi deti ndi nthawi zolakwika, vuto ndi kabatire kozungulira ka pa motherboard, CR2032 ka 3V. Gulani katsopano, mukaike mbali ya + ikuyang'ana kumwamba, kenako mukonze deti.