Mmene mungakonzekere chikondwerero cha ziwombankhanga ku Loess Bluffs

Mwafunsa zoyenera kuchita kuti mupindule ndi Eagle Days, chikondwerero chimene chimachitika kumayambiriro kwa Disembala kumalo otetezera mbalame a Loess Bluffs, pafupi ndi Mound City m'chigawo cha Missouri ku America.

Choyamba, onani malipoti a chiwerengero cha mbalame amene oyang'anira malowa amatulutsa, chifukwa madambo akaundana ndi chisanu atsekwe oyera amapitirira ulendo wawo wakumwera, ndipo ziwombankhanga zambiri zimawatsatira. Kenako konzani zovala zokhuthala, magolovesi, chipewa chophimba makutu ndiponso magalasi oonera patali.

Pa tsikulo fikani m'mamawa, dzuwa lisanakwere. Imeneyi ndiyo nthawi imene atsekwe zikwizikwi amanyamuka pamodzi kupita kukadya m'minda, ndipo phokoso lawo limamveka ngakhale mutatseka mawindo a galimoto. Yendani pang'onopang'ono pamsewu wozungulira madambo, wa makilomita pafupifupi 16, mukuyang'ana m'mitengo ikuluikulu ya m'mbali mwa madzi, mmene ziwombankhanga zimatera podikirira tsekwe wofooka kapena wakufa. Musanyalanyaze mbalame zazikulu zofiirira zamawangamawanga, pakuti nazonso ndi ziwombankhanga, kungoti zidakali ana. Mutu ndi mchira zimayera mbalameyo ikafika zaka zinayi kapena zisanu, ndipo pamenepo imafanana ndi nkhwazi yathu ya kunyanja.

Chofunika kwambiri kwa ine n'chakuti musatuluke mumsewu n'kuyandikira mbalamezo. Mbalame yodzidzimutsidwa imauluka n'kutaya mphamvu imene ikufunika kuti ipirire chisanu, choncho jambulani muli m'galimoto kapena pamalo oonerera okonzedwa kale.