Musanasinthe shaft ya driver yanu

Ngati mpira wa gofu ukumapatukira kumbali mukaumenya pa tee (kachikhomo koikapo mpira), musafulumire kugula driver (ndodo yaitali yomenyera mpira patali) yatsopano, chifukwa nthawi zina vuto limakhala pa shaft (thunthu la ndodo lolumikiza chogwirira ndi mutu). Ma driver ambiri a m'sitolo amatalika mainchesi 45 kapena kuposerapo, ndipo ndodo ikatalika chonchi zimavuta kumenya mpira pakati penipeni pa mutu wake. Ine ndimaona kuti kufupikitsa ndi theka la inchi kumathandiza anthu ambiri, koma mudule kumbali yogwirira, pakuti kudula kunsonga ya kumutu kumalimbitsa shaft. Dziwaninso kuti mukafupikitsa, mutu umamveka wopepuka m'manja, choncho mungafunike kumatapo kachitsulo kolemeretsa.

Amene amazunguza ndodo mwaliwiro ayese shaft yolimba yolemera magalamu 60 mpaka 70, pamene yofewa imayenera omenya modekha. Kulimbaku kumasiyana pakati pa makampani ngakhale chilembo chosonyeza kulimba kwa shaft chikhale chimodzi, n'chifukwa chake ndi bwino kuyesa kaye musanalipire.

Onetsetsani kuti kachitsulo kolumikizira shaft ndi mutu n'kogwirizana ndi ndodo yanu, popeza ka kampani ya TaylorMade sikalowa pa ndodo ya Callaway. Mukamata ndi guluu wa epoxy, dikirani maola 24 musanamenye mpira.