Momwe mungafulumizitsire toLower ndi toUpper mu library yanu osaononga ŵ

Ka function kosintha zilembo zazikulu kukhala zazing'ono (toLower, pomwe toUpper imachita zotembenuza) kamaoneka kachabechabe, koma pa seva yomwe ikuwerenga ma header a HTTP kamaitanidwa kambirimbiri pa sekondi imodzi, nde kakamachedwa pulogalamu yonse imayenda mokwawa.

Musanagwire khodi yambani mwayeza liwiro ndi benchmark (kapulogalamu koyeza nthawi yomwe khodi ikutenga), pa mawu enieni omwe library yanu imalandira tsiku ndi tsiku osati ongopeka.

Mukatero tsegulani njira yachidule ya ASCII (manambala 0 mpaka 127 oimira zilembo za Chingerezi ndi zizindikiro wamba), phindu lalikulu lili pamenepa. A mpaka Z ndi manambala 65 mpaka 90, a mpaka z ndi 97 mpaka 122, kusiyana kwake ndi 32 basi, bit imodzi ya 0x20. Mu UTF-8, njira yosungira zilembo mu ma byte, byte iliyonse yosafika 128 ndi ASCII, nde palibe chifukwa chokafufuzira chilembo chilichonse mu matebulo a Unicode (ndandanda wa zilembo za zilankhulo zosiyanasiyana), ingoonani ngati ili pakati pa 65 ndi 90 muonjezere 32.

Chachitatu musamatenge memory yatsopano pomwe palibe chosintha. Mu chilankhulo cholembera mapulogalamu cha Go, strings.ToLower imayamba yadutsa mu string yonse, ikapeza kuti ndi ASCII yokhayokha komanso mulibe chilembo chachikulu imabweza yomweyo osakopera. Ngati cholinga nkungofananiza mawu awiri, musasinthe nkomwe, strings.EqualFold ilipo. Kwa ma string ataliatali gwirani ma byte ambiri pakamodzi, 8 mu nambala ya 64-bit, 16 ndi SSE2, 32 ndi AVX2 (awiriwa ndi malangizo apadera a purosesa), koma pa timawu tifupitifupi sizithandiza kwenikweni.

Pomwe anthu amagwa ndi apa. Byte ikangofika 128 kapena kupitirira, tulukani mu njira yachidule ija mupereke ntchito ku khodi ya Unicode, ngakhale ndi yochedwerapo. Tengani ŵ wathu wa mu Malaŵi, wamkulu ndi U+0174 wamng'ono U+0175, kusiyana ndi 1 osati 32, ndipo mu UTF-8 wamkuluyo ndi ma byte awiri, C5 B4. Mukangoika 0x20 pa byte iliyonse mosayang'ana, C5 imasanduka E5 ndipo string yonse yaonongeka. Mukamudumpha Ŵ osamusintha, MALAŴI imatuluka malaŴi, munthu akamafufuza dzinalo osalipeza. Zimenezi zimandiwawa ndithu chifukwa ovutika amakhala ife eni chilankhulo.

Samalaninso kukula kwa buffer, malo a mu memory omwe mukulembamo zotuluka, chifukwa ß ya Chijeremani ikakula imakhala SS, ndipo zina zotere zili mu fayilo ya Unicode ya SpecialCasing.txt. Mu Chitekishi I wamkulu amasanduka ı wopanda kadontho, nchifukwa chake mu Java pa zinthu ngati ma header muzilemba toLowerCase(Locale.ROOT), osadalira locale (chilankhulo chomwe chasankhidwa) ya kompyuta ya munthu.

Mukamaliza dutsitsani zilembo zonse za Unicode mu khodi yakale ndi yatsopano, zotuluka zifanane ndendende, muyesenso string yomwe ŵ wagwera pamalire a ma byte 16 aja, kenako mubwereze benchmark.