Njira yokhalira mphunzitsi wa occupational therapy pa yunivesite

Mwafunsa poyambira kuti mudzaphunzitse ndi kuchita kafukufuku wa occupational therapy, ntchito yothandiza odwala ndi olumala kuti azitha kuchita zinthu za tsiku ndi tsiku. Choyamba pezani digiri yovomerezeka ndi bungwe la akatswiri a ntchitoyi padziko lonse la WFOT (World Federation of Occupational Therapists), lomwe limafuna maola osachepera 1,000 ophunzira ntchito pa odwala. Kenako tengani chiphaso chogwirira ntchito m'dziko lanu.

Apa musapupulume. Gwirani kaye ntchito zaka zingapo, chifukwa mafunso abwino a kafukufuku amabwera mukamaona wodwala sitiroko akulephera kumanga batani la malaya kapena kugwira supuni. Ophunziranso sachedwa kumutulukira mphunzitsi amene sanagwirepo wodwala.

Mukatero chitani masters, muziyang'anira ophunzira obwera kuchipatala, ndipo zomwe mwapeza muzisindikiza m'magazini a akatswiri. Mayunivesite ambiri amafunanso PhD. Musanalembetse, fufuzani kaye ngati wodzakuyang'aniraniyo amapeza nthawi yowerenga ntchito za ophunzira ake.